Land Rover Yakale ndi Matope a Dzinja: Tisinthe Ciani, Tisiye Ciani?

Mitambo ikayamba kuda mwezi wa Novembala, funso limodzi limatipeza kawirikawiri kucokera kwa amene anaphunzira pano zaka zapitazo. Wina wagula Land Rover imene inagona pansi pa mtengo wa mango zaka zisanu, wina walandira ya malemu amalume ake, ena asonkherana pa kopaletivu. Onse afuna galimoto yoti iziwoloka dambo mwezi wa Febuluwale, itenge feteleza kupita naye kumunda, ndi kutulutsa tomato asanaole. Mndandanda wa zimene afuna kucita umakhalanso wofanana: kuikweza m'mwamba, kuiveka matayala akuluakulu, ndi kuiikira injini yamphamvu. Taona kuti n'kwabwino kuyankha onse pamodzi, popeza ndalama zimene zikukambidwa pano n'zokolola za caka cathunthu, ndiponso pa galimoto yomweyo padzakwera ana a sukulu ndi mai wodwala usiku.

Mlimi aliyense adziwa cimene cimacitika ukamanga ng'ombe zamphamvu ku pulawo ndi unyolo wakale pa nthaka youma. Ng'ombe zimakoka, pulawo imakana, unyolo ndiwo umaduka. Galimoto nayo ili cimodzimodzi. Ciliconse cimene mungaonjezere mphamvu, msinkhu kapena kulemera, katundu wake amakagwera pa citsulo cina cimene simunacikhudze, ndipo citsulo cimeneco cinapangidwa zaka makumi asanu zapitazo poyembekezera nchito yocepa. Coco musanagule kanthu, dzifunseni kuti kusinthaku kukalemetsa ciani.

Ndi bwino kudziwa kuti galimoto imeneyi anaipangira munda kuyambira paciyambi. Maurice Wilks, injiniya wamkulu wa kampani ya Rover, anali ndi famu pa cilumba ca Anglesey ku Wales, kumene ankagwiritsa nchito Jeep yotsala pa nkhondo. Iye anaganiza zopanga galimoto yoti ikhale pakati pa thirakitala ndi lole yaing'ono, ndipo Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948. Popeza citsulo cinali cosowa nkhondo itangotha, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Zimene timaziona m'midzi ndi m'mafamu a kuno zambiri ndi Series IIA, imene inayamba mu 1961, ndi Series III, imene inapangidwa kucokera mu 1971 mpaka 1985. Pali yaifupi, yochedwa 88, ndi yaitali, yochedwa 109. Manambalawa ndi mainchi a mtunda wa pakati pa mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo. Tikuchula zimenezi kuti mudziwe kuti simukusandutsa galimoto ya m'tauni kukhala ya m'chire. Ya m'chire muli nayo kale, kungoti yakalamba. Nchito yoyamba ndi kuibwezera mmene inalili.

Aluminiyamu uja ndiye amapusitsa ogula. Sagwira dzimbiri, motero thupi limaoneka lolimba ngakhale galimoto itatha. Paja akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pansi pa thupilo pali chasisi ya citsulo, yonga bokosi lalitali lobooka m'kati, ndipo matope a zaka zambiri amalowa m'menemo n'kumasunga cinyezi. Dzimbiri limadya kucokera m'kati. Tengani hamala yaing'ono, gonani pansi pa galimoto, mugogode chasisi yonse kuyambira kutsogolo. Citsulo camoyo cimalira, cakufa cimangoti phu. Yang'anitsitsani mtanda wa kumbuyo kwenikweni, pamene pamangidwa ngolo, timikono totuluka m'mbali timene tanyamula thupi, ndi pamene masipuling'i agwirira. Onaninso khoma la citsulo lolekanitsa injini ndi woyendetsa, makamaka popondapo mapazi. Kumangirira winchi kapena cokokera pa chasisi yowola kuli ngati kukhomera denga la malata pa nsici zodyedwa ndi ciswe. Wowocherera waluso adule powola ponse ndi kuikapo citsulo ca makulidwe ofanana. Cigamba congomata pamwamba pa dzimbiri cimabisa matenda basi.

Pambuyo pa chasisi pamabwera mabuleki ndi ciwongolero. Magalimoto amenewa ali ndi mabuleki a dilamu pa mawilo onse anai, ndipo ambiri akale ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, kutanthauza kuti paipi imodzi ikabooka, mawilo onse amasiya kugwira nthawi imodzi. Mapaipi a citsulo ndi a labala asinthidwe onse, osayembekezera kuti ayambe adontha. Amene ali ndi 88 angathe kuikapo madilamu akutsogolo a 109, a mainchi 11 m'malo mwa 10, malinga asinthenso pampu ya mabuleki kuti igwirizane nawo. Kusintha kumeneku timakuvomereza ndi mtima wonse. Dziwaninso kuti buleki ya dzanja simagwira mawilo. Imagwira shafuti yopita kumbuyo, pafupi ndi giyabokosi. Mukakweza wilo limodzi la kumbuyo ndi jeke pa malo otsetsereka, galimoto ingathe kuyenda buleki ya dzanja ili cikokere. Ikani miyala ku mawilo musanalowe pansi.

Tsono tikambe za mmene mphamvu imafikira pansi, cifukwa ambiri amagula zitsulo zodula asanamvetse zimene ali nazo. Pambali pa giya pali timitengo tiwiri, kacikasu ndi kofiira. Mwa masiku onse galimoto imakankhidwa ndi mawilo a kumbuyo okha. Mukadina kacikasu, mawilo akutsogolo nawo amayamba kukoka. Mukaima ndi kukokera kofiira kumbuyo, mumalowa magiya otsika, amene amacepetsa liwiro ndi kuculukitsa mphamvu, mawilo onse anai akukoka. Kuti kacikasu kabwerere, mumaima, kukokera kofiira kumbuyo ndi kukabwezanso kutsogolo. Pa galimoto iyi palibe cimene cimalola mawilo akutsogolo kuzungulira mosiyana ndi akumbuyo pamene onse akukoka. M'matope palibe vuto, popeza tayala limaterereka pang'ono n'kumasula. Pa tara ya Great East Road silingaterereke, ndipo pokhota paliponse mashafuti amapotana mpaka cina cithyoke. Taonapo magiyabokosi ambiri ataphedwa ndi tara kuposa ophedwa ndi dambo.

Cinanso n'cakuti difu, bokosi lozungulira lija la pakati pa mawilo awiri, limalola mphamvu kuthawira ku wilo limene likupepukidwa. Wilo limodzi lakutsogolo ndi lina lakumbuyo zikalendewera pa ngalande, ziwirizo zimangozungulira m'malere, zina ziwiri zili duu, ndipo galimoto ya mawilo anai okoka imaima ngati ya mawilo awiri. Mankhwala ake otsika mtengo ali m'masipuling'i. Timapepala ta citsulo timene tasanjikizana m'sipuling'i tinayenera kumatsetserekana, koma pa galimoto yogona zaka zambiri dzimbiri limatimata kukhala mtengo umodzi wouma. Masulani, palani dzimbiri, pakani mafuta, sinthani timalabala ta kumapeto ndi mashoko. Sipuling'i ikafewa, wilo limatsikira m'dzenje n'kukhalabe likugwira nthaka. Pali masipuling'i amakono a mapepala awiri kapena atatu okha, amene amafewa kwambiri. Ndi abwino, koma wonyamula matumba asankhe oyenerera katundu wake. Ciwiya cotseka difu kuti mawilo onse awiri azungulire pamodzi ciliponso, ndipo cimagwiradi nchito, koma cimatha kuponya mphamvu yonse pa shafuti imodzi, ndipo za shafuti imeneyo tikamba posacedwa.

Pa matayala ndi pamene tifuna kucedwapo. Anyamata ambiri amaganiza kuti kukweza thupi ndiko kumapulumutsa galimoto ku mikwasa yakuya ya thirakitala. Gwadani muone cimene cili pansi kwambiri: ndi difu. Difu lili pa ekiselo, ndipo ekiselo imanyamulidwa ndi matayala, osati masipuling'i. Mungakweze thupi ndi dzanja lathunthu, difu lidzakhala pomwe linali, likulima pakati pa msewu. Cokweza difu ndi tayala lalitali cabe, ndiponso limakwera ndi theka la kusiyana kwa matayala awiriwo. Ya 88 inkatuluka ndi matayala a 6.00 x 16, ya 109 ndi a 7.50 x 16. Kucotsa oyambawo ndi kuika a 7.50, pa malimu oyenera, kumakweza difu ndi masentimita atatu kapena anai, ndipo zitsulo zonse zimapirira cifukwa kampani yomwe inkagwiritsa nchito saizi imeneyo. Ife timaimira pamenepo. Tayala loposa apo limacita ngati mpini wautali: limapota shafuti ndi mphamvu yoculuka, limafooketsa mabuleki, limalanda injini mphamvu pokwera phiri, ndipo mita ya liwiro imayamba kunama. Likakhala lotakata, ciwongolero, cimene cilibe pampu yothandiza, cimalemera mpaka kuthyola mapewa, ndipo mabeling'i a mawilo satha caka.

Kutakata kwa tayala kumayenderanso nthaka. Pa katondo wofiira wa kumtunda, ngati wa madera ozungulira Chipata ndi Katete, mvula imafewetsa pamwamba pokha, pansi pali polimba. Tayala lopyapyala la mano akuya limaceka phalalo n'kukagwira pouma, pamene lotakata limasambira pamwamba ndi kuthawira m'ngalande. Makande akuda a m'cigwa ca Luangwa ndi a m'madambo ndi nkhani ina. Akakhuta madzi alibe pansi, amamatirira mpaka mano a tayala atatsekeka, ndipo kunena zoona masiku ena palibe tayala limene lingawagonjetse. Pa mcenga wa m'mitsinje youma, cofunika ndi kucepetsa mpweya kuti tayala ligone pansi motalika. Kucotsako gawo limodzi mwa magawo atatu kumasintha zinthu modabwitsa, ndipo n'kwaulere. Koma ambiri a ife timayendera matayala a chubu. Mpweya ukacepa kwambiri tayala limazungulira pa limu n'kung'amba valavu. Pampu ikhale m'galimoto, ndipo mpweya ubwezeredwe musanakwere tara, cifukwa tayala lofewa limatentha ndi kuphulika pa liwiro. Matayala onse anai akhale a saizi imodzi, pamodzi ndi lapadera.

Kukweza thupi kuli ndi mtengo wake umene suoneka tsiku loyamba. Galimoto imeneyi ndi yopapatiza. Mukaikweza, n'kuikanso denga lonyamulira katundu, n'kusanjikapo matumba a mtedza ndi njinga, kulemera kumakwera m'mwamba, ndipo pa msewu wopendekera m'mbali mwa phiri imagubuduzika mosacenjeza. Mapaipi a mabuleki amakokeka, ndipo mfundo za shafuti yaitali zimagwira nchito zitapindika mopitirira. Masipuling'i atsopano amabwezera galimoto msinkhu umene inataya ndi ukalamba, ndipo umenewo ndi wokwanira.

Za injini, tiyambe ndi kuulula colakwa cathu. Zaka zapitazo ifenso tinatengeka. Land Rover ya 109 imene tinkagwiritsa nchito inali ndi injini yake ya dizilo ya malita 2.25, ya mphamvu za akavalo pafupifupi 62, ndipo pokwera phiri itasenza ankaipitirira ndi anyamata a pa njinga. Titapeza matayala akuluakulu otsika mtengo tinawaika, kenaka tinaona kuti mphamvu yacepa, tinayamba kuikakamiza ndi phazi. Tsiku lina titasenza feteleza tinatitimira pa dambo. Woyendetsa anaponda mafuta, mawilo akumbuyo anazungulira mwaliwiro, limodzi linapeza mwala pansi pa matope n'kugwira mwadzidzidzi. Tinamva kuti thwa, ngati nthambi youma. Shafuti yaifupi ya m'kati mwa ekiselo inali itaduka. Feteleza tinamusenza pamutu mvula ikugwa, ndipo matumba ena anafika atasungunuka. Cimene cinatipulumutsa n'cakuti pa magalimoto amenewa wilo silicoka shafuti ikaduka. Tinasolola mashafuti akumbuyo, kumasula shafuti yaitali, kudina kacikasu, n'kubwerera pang'onopang'ono ndi mawilo akutsogolo. Zidutswa za citsulo tinakazicotsa m'difu kunyumba.

Mashafuti amenewa, a mano khumi kumapeto, ndiwo unyolo wakale wa galimoto iyi. Ma 109 ambiri a Series III ali ndi ekiselo ya kumbuyo yochedwa Salisbury, yolimba kwambiri, ndipo amene ali ndi 109 yakale akaipeza ku magalimoto ophwasulidwa aigule asanaganize za injini. Injini imene ambiri amailakalaka ndi 200Tdi, imene inatuluka mu 1989 mu Discovery. Ndi injini yabwino, yosamwa mafuta, ya akavalo opitirira 100, ndipo mphamvu yake yopota ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri ya dizilo yakale ija. Mphamvu yonseyo imadutsa m'giyabokosi imene sanaipangire zimenezo, n'kukafika pa mashafuti omwe aja, ndipo liwiro limene yabweretsa liyenera kuimitsidwa ndi madilamu omwe aja. Alipo amene anaiika n'kukhala nayo zaka zambiri, koma ndi anthu a phazi lofatsa amene anayamba akonza mabuleki ndi ekiselo. Kwa mlimi amene ulendo wake ndi wa kumunda, kucigayo ndi ku depoti ya FRA, injini yakale yokonzedwa bwino, yokhala ndi redieta yoyera, imafika. Makanika aliyense wa m'boma amaidziwa, ndipo m'magiya otsika imakoka mokwanira. Mukasinthadi injini, kumbukirani kuti nambala yake inalembedwa m'buku la galimoto; kadziwitseni a RTSA kuti mapepala agwirizane, cifukwa ngozi ikacitika a inshuwalansi amayamba kuyang'ana pamenepo.

Kusintha kumene kumapindulitsa koposa pa Kwacha iliyonse ndi kwa madzi, ndipo n'kocepa moti ambiri amakunyoza. Pamwamba pa ekiselo iliyonse pali kabowo kopumira. Ekiselo ikatentha ndi ulendo n'kulowa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umafota, ndipo madzi amayamwidwa kudzera pa kabowoko kapena pa masilo. Oilo wosakanikirana ndi madzi amayera ngati tiyi wa mkaka, ndipo mano a difu amayamba kudyana. Lumikizani kapaipi kapulasitiki pa kabowo kalikonse, mukakweze mpaka pamwamba m'cipinda ca injini. Citaninso cimodzimodzi ku giyabokosi. Pansi pa nyumba ya kalachi pali bowo lotulutsira oilo wodontha, ndipo kampani inapereka kabawuti kotsekera bowolo powoloka madzi ndi matope. Katsekeni m'dzinja, koma muzikamasula kawirikawiri kuti zimene zaunjikana zituluke. Mitu iwiri yozungulira ya kumapeto a ekiselo yakutsogolo nayo imafuna oilo wake wa EP90, ndipo masilo ake akatha, matope amalowa.

Paipi yokweza mpweya wa injini kufika kudenga ndi yothandiza, makamaka pa dizilo. Madzi sapanikizika, ndipo injini imene imafinya mpweya ka 23 ikameza kapu imodzi ya madzi, mikono ya mapisitoni imapindika pomwepo. Phindu lake la tsiku ndi tsiku lili m'cilimwe, popeza kumwamba fumbi limacepa. Koma paipiyo sisandutsa galimoto bwato. Ya petulo imazima madzi akangonyowetsa mawaya a moto, ndipo madzi othamanga ofika m'ciuno amanyamula galimoto iliyonse. Lamulo lathu ndi la maondo: madzi akapitirira maondo a munthu wamkulu, kapena akamukankha, timadikira. Mitsinje ya mcenga imadzaza msanga ndipo imaphwa msanga. Kumene kuli ng'ona musayese madzi ndi miyendo. Funsani eni mudzi. Mukawoloka, yendani pang'ono phazi lili pa buleki kuti madilamu aume.

Winchi ya magetsi imaoneka bwino kutsogolo kwa galimoto, koma ganizani kumene mumatitimira. Dambo lilibe mitengo, ndiye cingwe mukacimanga kuti? Imamwanso magetsi oculuka kuposa amene dainamo yakale ya Series IIA ingabwezere mu batire. Ndalama imeneyo imagula fosholo, khasu, cikwanje, jeke yaitali ndi thabwa lokhuthala loikapo jekeyo, cingwe colimba, ndi mashafuti awiri apadera, lalitali ndi lalifupi, popeza mbali ziwirizo n'zosiyana. Cimene ciyenera kuonjezedwa pa galimoto ndi zokokera zomangidwa ndi mabawuti olimba pa chasisi yeniyeni, kutsogolo ndi kumbuyo. Musakolowekepo cingwe pa kampira kokokera ngolo. Kakaduka kamauluka ngati cipolopolo, ndipo kwina kanaphapo anthu. Pokoka, kaya ndi thirakitala kaya ndi ng'ombe, yalani thumba lonyowa pakati pa cingwe, ndipo ana amene amathamangira kudzaonerera aimirire kutali kuposa kutalika kwa cingweco. Amene amalowa m'minda yatsopano ya zitsa aikeko mbale ya citsulo yochinga ndodo za ciwongolero, cifukwa ndodo imodzi ikapindika mawilo akutsogolo amayang'ana kosiyana.

Citsulo ciliconse coonjezera cimadya malo a thumba. Ya 109 inapangidwa kuti isenze katundu wosafika tani imodzi, ndiye kuti matumba a makilogalamu 50 osakwana 20, ndipo pa msewu woipa kampani inkalangiza kucepetsako; ya 88 imasenza pafupifupi theka lake. Bampala yolemera, winchi, denga la katundu ndi zigubu za mafuta zikatenga makilogalamu 150, matumba atatu atsala kunyumba ulendo uliwonse.

Pali cina cimene ife monga alimi sitingacilumphe. Mikwasa imene galimoto yolemera imasiya pa dambo kapena pa msewu wotsetsereka imasanduka njira ya madzi, ndipo pakatha dzinja ziwiri pamakhala cigwembe cimene cimadula msewu wa mudzi wonse ndi kuumitsa madimba a kumunsi. Woyendetsa wotsatira amalambalala, n'kuyambitsa cina pambali. Ngati pali malo amodzi amene amakugwirani caka ndi caka, ngolo khumi za miyala ndi ngalande yopatutsa madzi, zokonzedwa mwezi wa Seputembala pamodzi ndi anansi, zimawononga ndalama zocepa kuposa matayala anai, ndipo zimathandizanso wa ngolo ya ng'ombe ndi wa njinga. Feteleza ndi mbeu zifike kumunda mvula isanayambe, kuti maulendo a Januwale ndi Febuluwale akhale a katundu wopepuka ndi a odwala. Ndipo madzulo a tsiku lililonse limene mwawoloka madzi akuya, galimoto ikazizira, masulani kabawuti kothirira oilo pa difu lakutsogolo ndi lakumbuyo, mulowetse cala, muone mtundu wake. Akayera, akhetsedwe galimoto isanayendenso.